Chisanu cha ku Zomba n'chonyowa, chimafuna ubweya wa nkhosa

Mabulangete ambiri amene timafunda muno mu Zomba Juni ndi Julayi akafika ndi a pulasitiki. Aja olemera, osalala ngati msana wa mphaka, ojambulidwa maluwa kapena kambuku, amene amabwera m'zikwama za zipi kuchokera ku Joni kapena ku China, amapangidwa ndi polyester kapena acrylic. Chimodzimodzi wulu wolukira majuzi a ana wa m'mashopu a m'tauni: mukawerenga kapepala kokulunga mpukutuwo, nthawi zambiri mupeza kuti ndi acrylic yekhayekha. Dzina lokha ndiye la nkhosa, nkhosayo sinapiteko n'komwe.

Sikuti mabulangete amenewa satenthetsa thupi. Amatenthetsa ndithu, mwina kupyola muyezo. Koma zimene amachita pakati pa usiku ambiri timazidziwa: munthu wagona bwinobwino, cha m'ma 2 koloko n'kudzidzimuka msana uli noninoni ndi thukuta, n'kukankha bulangete. Pasanathe mphindi 20 chisanu chamulowa, n'kulikokanso. Kukacha thupi lili lophwanyika, ena mpaka kuyamba kukayikira malungo. Chalakwika pamenepo ndi madzi amene asowa kolowera.

Tauni yathu ili pamalo okwera mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Malumbe pa phiri la Zomba imapitirira mamita 2,000. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, n'chifukwa chake amene amagwira ntchito Ku Chawe kapena ku nkhalango amanyamuka ku Matawale atavala malaya okha, n'kukafika pamwamba mano akuombana. Komanso kuzizira kwa kuno sikubwera kokha. Chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ndi mpweya wonyowa wochokera ku nyanja ya India umene umadzaomba mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Zomba, n'kutisiyira nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo. Zochapa siziuma, makoma amachita thukuta, zofunda zimamveka zolemera. Chofunda choyenera malo ngati ano chiyenera kudziwa chochita ndi chinyezi, ndipo pa ntchito imeneyi palibe ulusi wina wamba umene umapambana ubweya wa nkhosa.

Ubweya umapangidwa ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga tsitsi ndi zikhadabo zathu. Kaulusi kalikonse kali ndi khungu lakunja limene limakana dontho la madzi, ndi mtima wamkati umene umamwa madzi amene ali mumpweya ngati nthunzi. Donthezerani madzi pa juzi ya ubweya, muona dontho litakhala pamwamba kwa kanthawi ngati pa tsamba la koko. Koma nthunzi yochokera m'thupi imalowa mkati mwa ulusiwo. Ubweya umatha kusunga madzi okwana pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake usanayambe kumveka kunyowa m'manja. Mu mpweya wa masiku onse umakhala kale ndi madzi cha m'ma 16 peresenti, thonje cha m'ma 8, acrylic pafupifupi 2, polyester osafika ndi 1 yomwe. Tsono munthu wamkulu, ngakhale asatuluke thukuta looneka, amataya madzi odzaza kapu kapena kuposerapo usiku umodzi kudzera pakhungu ndi popuma. Pansi pa polyester nthunzi imeneyi imadzadza kampata ka pakati pa thupi ndi bulangete mpaka isanduke madontho pakhungu. Pansi pa ubweya imamwedwa pang'onopang'ono, n'kumatulukira mbali yakunja.

Pali china chimene ambiri sachikhulupirira akangochimva: ubweya ukamamwa chinyezi umatulutsa kutentha pang'ono. Si matsenga ayi, madzi akamagwirana ndi keratin amataya mphamvu ina monga kutentha. N'kochepa, sikungalowe m'malo mwa moto, koma n'kokwanira kuti munthu wotuluka m'nyumba youma kulowa mu nkhungu ya m'mawa asamve chisanu chikumumenya nthawi yomweyo. Thonje silitero. Likanyowa limaphwatalala, limamata pakhungu, mpweya umene linasunga n'kuthawa. Ubweya ndi wopotanapotana mwachibadwa ngati kasipuling'i, motero ngakhale uli wachinyezi umasungabe timipata ta mpweya, ndipo mpweya wosayenda umenewo ndi umene umatchinga kuzizira.

Nkhani ya moto ndi yosayenera kuilumpha, poti miyezi yachisanu ndi yomwe timayandikira mbaula, ndipo magetsi akazima makandulo amayaka pafupi ndi bedi. Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni 21 peresenti, pamene ubweya umafuna pafupifupi 25 peresenti kuti upitirize kuyaka wokha. Umayamba kugwira moto pa madigiri 570 mpaka 600, pamene thonje limagwira cha pa 255. Khala likagwera pa bulangete la ubweya limasiya kabowo kakuda n'kuzima. Polyester amasungunuka cha pa madigiri 250 n'kumata pakhungu, ndipo zilonda zake zimakhala zakuya. Acrylic ndiye amayaka lawilawi. Mwana wokonda kuothera moto ali bwino mu juzi ya ubweya kusiyana ndi ya acrylic. Izi sizikuloleza kugona ndi mbaula m'chipinda chotseka: makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, kaya afunda chiyani.

Kuupeza ndi kuuzindikira

Nkhosa zathu za mchira wamafuta zija, zimene timaziona ku Chingale ndi madera ena, zili ndi bweya waufupi wouma ngati wa mbuzi, wosapoteka kukhala ulusi. Ubweya wa zovala umachokera ku mitundu ina, makamaka Merino, imene imawetedwa kwambiri ku Australia, South Africa ndi Lesotho. Ku New Zealand kumachokera wambiri wokhakhala wa makapeti ndi mabulangete. Nkhosa imodzi ya Merino imametedwa makilogalamu 4 kapena 5 pa chaka, ndipo akautsuka kuchotsa mafuta, fumbi ndi zitsotso, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limapita. Mtengo wa bulangete latsopano la ubweya umayambira pamenepo. Kwa ambiri a ife, njira yake ndi kaunjika: mumsika waukulu wa m'tauni, ku Mpondabwino, ku Chinamwali, kapena pa tsiku la msika ku Thondwe, ku Songani ndi ku Jali. Mabelo ochokera ku mayiko ozizira amabwera ndi majuzi, majekete, masikafu ndi mabulangete a ubweya weniweni atasakanikirana ndi a pulasitiki, kawirikawiri pa mtengo umodzi, chifukwa wogula ambiri amayang'ana kuwala kwa mtundu.

Yambani ndi kalebulo ka pakhosi kapena ka m'mbali mwa msoko wamkati. Mawu akuti wool, pure new wool, lambswool ndi merino ndi a nkhosa. Zovala zochokera ku Ulaya zimalemba laine, lana, lã, Wolle kapena Schurwolle, ndipo zina zimangoika zilembo: WO kapena WV ndi ubweya, PAN kapena PC ndi acrylic, PES kapena PL ndi polyester. Cashmere ndi mohair ndi za mbuzi, angora ndi wa kalulu, ndipo zonsezi zimasamalidwa ngati ubweya wa nkhosa. Chizindikiro cha Woolmark, chooneka ngati mpukutu wa ulusi wa mizere yakuda ndi yoyera wopindidwa katatu, chakhalapo kuyambira 1964 ndipo chimatanthauza ubweya watsopano wosasakaniza. Chovala chosakaniza musachinyoze msanga: ubweya ukafika 70 kapena 80 peresenti, ubwino wake wambiri ulipobe. Ukatsika pansi pa theka, mukugula pulasitiki wonunkhira nkhosa.

Kalebulo kakadulidwa, manja ndiwo aweruze. Fumbatani nsaluyo mwamphamvu kwa masekondi 10 n'kuisiya. Ubweya umadzuka wopanda makwinya. Acrylic amamveka woterera mwa sopo, amalira pang'ono mukamutikita pakati pa zala, ndipo amathetheka pomuvula mumdima. Mukafika kunyumba, yesani ndi machesi: sololani kaulusi kuchokera ku msoko wamkati, kagwireni ndi kachitsulo pamwamba pa mbale ya madzi, n'kukayatsa. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa, umazima mukachotsa moto, ndipo phulusa lake lakuda limafumbutuka mukalipsinja. Acrylic ndi polyester amasiya kambulu kolimba kosaphwanyika. Thonje limanunkha ngati pepala, phulusa lake n'lotuwa. Kuyesa kwina n'kwa Jik: kaulusi ka ubweya mukakaviika m'kachivindikiro ka Jik wosasungunula kamasungunukiratu pakapita maola ochepa, ndipo zotsalazo ndiye gawo la pulasitiki. Phunziro lachiwiri la kuyesa kumeneku n'loonekeratu, Jik asayandikire chovala cha ubweya, ngakhale choyera.

Musanalipire, yang'anitsani chovalacho kudzuwa. Timabowo tating'ono tomwazikana ndi ntchito ya njenjete, ndipo mwina mazira ake akadali momwemo. Onani m'khwapa ndi pa zigongono. Juzi imene maso a maluko ake sakuonekanso, yolimba ngati chikopa, manja ake afupi kusiyana ndi saizi yolembedwa, inachapidwa kale molakwika ndipo sidzabwerera. Nthawi yabwino yosakasaka ndi Seputembala ndi Okutobala, pamene zofunda zasowa ozifuna.

Za kuyabwa. Anthu ambiri amati thupi lawo limadana ndi ubweya, koma kawirikawiri vuto ndi kunenepa kwa ulusi. Ulusi umayezedwa m'ma micron, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu limakhala pakati pa 50 ndi 100. Ubweya wa Merino wa zovala umakhala cha m'ma 17 mpaka 23, ndipo nsonga zake zimapinda zikakhudza khungu. Ukapitirira 30, nsongazo zimabaya m'malo mopinda, khungu n'kuyamba kunyerenyesa. Dzanja silizindikira bwino zimenezi chifukwa khungu lake n'lokhuthala. Ikani nsaluyo pakhosi kapena mkati mwa mkono kwa mphindi imodzi. Ikabaya, si yoipa, ndi yovala pamwamba pa malaya kapena yofunda pamwamba pa shiti.

Pabedi

Kulakwitsa kofala ndi kuunjika zonse pamwamba. Munthu wogona pa mphasa pa simenti amataya kutentha kwambiri kudzera pansi, ndipo ngati ali ndi mabulangete awiri, limodzi liyenera kuyalidwa. Ngakhale pa matiresi a siponji, makamaka aja okutidwa ndi pulasitiki a m'sukulu zogonera komweko, bulangete lopyapyala la ubweya loyalidwa pansi pa shiti limasintha tulo, chifukwa siponji samwa nthunzi ya kumsana. Ndondomeko yake ndi iyi: matiresi, bulangete la ubweya, shiti ya thonje, munthu, shiti ina kapena chitenje, kenako ubweya. Ngati muli nalo kale lija la ku Joni, musalitaye. Liikeni pamwamba penipeni, ubweya ukhale kufupi ndi thupi, ndipo muzilichotsa usiku umene sikunazizire kwambiri.

Mabulangete awiri opepuka amaposa limodzi lochindikala, poti pakati pawo pamakhala mpweya ndipo mukhoza kuchotsa limodzi. Kulemera kwake mukhoza kukuwerengera nokha pa sikelo ya pamsika. Bulangete la masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali ndi masikweya mita atatu. Likalemera kilogalamu imodzi ndi theka, ndiye kuti ndi magalamu 500 pa sikweya mita. La magalamu 300 mpaka 400 limakwanira m'tauni usiku wambiri wa Meyi ndi Ogasiti, la 500 kupita m'mwamba ndi la Juni ndi Julayi kapena la kuphiri ndi ku Malosa. Kumunsi kotentha, cha ku Chingale kapena m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, lopepuka limodzi ndi lokwana.

Mukadzuka musayale bedi nthawi yomweyo. Pindirani zofunda kumiyendo, tsekulani zenera kwa ola limodzi, madzi a usiku atuluke. Kamodzi pa sabata likutumuleni bulangete n'kuliyanika pamphepo. Ubweya umagwira fungo mkati mwake m'malo molitulutsa, ndiponso khungu louma silipatsa mpata tizilombo toyambitsa fungo, choncho bulangete logona pakati pa mashiti limafuna kuchapidwa kamodzi kokha pa chaka.

Khanda losakwana chaka lisagonekedwe pa chikopa cha nkhosa chaubweya kapena pa bulangete lofewa lopindidwa kangapo, chifukwa nkhope ikalowamo silitha kudzichotsa. Lifunditseni kabulangete kopepuka kolekezera pachifuwa, kopanikizidwa m'mbali, ndipo muziligwira kumbuyo kwa khosi: likachita thukuta, chotsani chimodzi. Kachipewa kofewa n'kothandiza kwa mwana wobadwa masiku osakwana amene ali pachifuwa cha mayi ake, monga amalangizira anamwino. Kwa odwala ogonera, chikopa cha nkhosa chokonzedwera ntchito ya chipatala chimachepetsa zilonda za pabedi pogawa kulemera kwa thupi ndi kumwa chinyezi, koma wodwalayo azitembenuzidwabe maola awiri aliwonse.

Pa zovala nkhani ndi yaifupi. Juzi yoluka imalowetsa mphepo, motero wa kabaza wonyamuka 5 koloko m'mawa, mlonda, kapena msodzi wa ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa wokhala pamadzi mwera ukuomba, avale ubweya mkati ndi jekete lotchinga mphepo kunja. Masokosi abwino ndi osakaniza ndi nayiloni 20 kapena 25 peresenti, chifukwa ubweya wokhawokha umabooka msanga ku chidendene. Khalani ndi mapeyala awiri, ina ipume tsiku lathunthu. Juzi musaikoloweke pa hang'ala kapena pa msomali, imatalika ndi kutuluka nyanga m'mapewa, ipindeni. Timibulu tomera m'khwapa ndi m'mbali timachoka ndi lezala yogoneka, pang'onopang'ono, juzi itayalidwa patebulo.

M'beseni ndi mmene umafera

Majuzi ambiri a ubweya ogulidwa pa kaunjika satha chaka. Samang'ambika ayi, amafera m'beseni. Machapidwe athu, onyika m'sopo waufa, kufikisa, kumenyetsa pamwala, kupotokola ndi kuyanika padzuwa, ndi abwino kwa thonje ndipo ndi omwewo amene amasandutsa juzi ya bambo kukhala ya mwana wa sitandade 3.

Chifukwa chake chili pa khungu la kaulusi kaja. Lili ndi timamba ngati ta nsomba, tonse toloza mbali imodzi. M'madzi otentha a sopo waukali timambati timadzuka. Mukamafikisa, ulusi umatsetserekera mbali imodzi yokha n'kulephera kubwerera, umakolana ndi unzake, nsalu yonse n'kufupika ndi kulimba. Pamafunika zinthu zitatu pamodzi kuti izi zichitike: madzi, kutentha, ndi kutikita. Sopo waukali amangofulumizitsa. Sopo wa mtanda wochapira ndi sopo waufa onse ndi aukali kwa ubweya, ndipo waufa wambiri ali ndi ma enzyme ogaya madontho a magazi, mazira ndi msuzi. Madontho amenewo ndi mapuloteni, nawonso ubweya ndi puloteni, tsono sopoyo sasiyanitsa. Kusintha madzi mwadzidzidzi nakonso kumavulaza: kuchapira madzi a pamoto, n'kutsukuluzira a pampopi mu Juni, ozizira ngati angotuluka kumene mu damu la Mulunguzi.

Chapani chonchi. Thirani malita 5 a madzi m'beseni, a madigiri pafupifupi 30, amene pa chigongono samveka kutentha kapena kuzizira. Sungunulanimo supuni yaing'ono imodzi ya shampu wa ana kapena sopo wamadzi wolembedwa kuti ndi wa wool, chovala chisanalowe. Tembenuzani juzi kunja kukhale mkati, imizeni, isiyeni mphindi 10 mpaka 15. Kenako muziipsinja ndi zikhato n'kuisiya, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ngati mukukanda ufa wa mandasi mwaulesi. Pakhosi ndi m'khwapa pakani kasopo ndi chala, osakhula. Poitulutsa inyamuleni yonse ndi manja awiri kuchokera pansi, chifukwa ubweya wonyowa ndi wofooka ndipo mukaukoka ndi phewa umatalika. Tsukuluzani kawiri m'madzi ofunda chimodzimodzi ndi oyamba aja, ndipo m'omalizawo thiranimo supuni yaikulu imodzi ya viniga woyera pa malita 10 kuti zotsalira za sopo zichoke. Musapotokole. Yalani juzi pa thaulo louma, kulungani ngati mkeka, pondani mpukutuwo ndi mapazi, n'kubwereza ndi thaulo lina. Iyaleni pamalo athyathyathya pamthunzi podutsa mphepo, ikonzeni kuti manja ndi thupi zibwerere muyezo wake, ndipo muitembenuze mbali imodzi ikauma. Dzuwa lamphamvu limachititsa ubweya woyera kukhala wachikasu ndi wouma gwa. Pafupi ndi mbaula ndiye ayi.

Bulangete limafuna bafa kapena beseni lalikulu la malita 30 mpaka 40, masupuni aakulu awiri a shampu, ndi anthu awiri, poti likamwa madzi limalemera katatu kapena kuposa. Liponderezeni mofatsa, tayani madzi lili momwemo, thirani ena. Poyanika lidutsitseni pa zingwe ziwiri kapena zitatu zoyandikana kuti kulemera kugawanike. Pa chingwe chimodzi limatuluka ndi mzere ndi makona otalika. Musalichape chiperoni chili pakhomo. Likhoza kukhala masiku anayi lisanaume, n'kuyamba fungo la nguwi. Dikirani Seputembala, kukakhala kouma ndi kamphepo.

Apa pali msampha umene malangizo olembedwa pa malebulo a ku Ulaya saudziwa. Ntchentche ya mphutsi, imene mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa, imaikira mazira pa nsalu zachinyezi zoyanikidwa pamthunzi kapena pansi, makamaka zonunkha mkodzo ndi thukuta, ndipo imachuluka m'dzinja. Ubweya umafuna mthunzi, ntchentcheyo imafunanso mthunzi womwewo. Choncho zovala za ubweya, makamaka za ana, ziyanikeni m'nyumba, ngakhale pabedi pansi pa neti masana pamene palibe wogonamo, osati pa udzu kapena pa mchenga. Ngati zauma panja, zisiteni mbali zonse ziwiri. Simbi yamagetsi ikhale pa madontho awiri, amene ndi madigiri 150. Ya makala igwireni ntchito itatsika ukali, mutamaliza kusita za thonje. Yalani kansalu ka thonje konyowa pamwamba, muzitsitsa simbi n'kuikweza osaikhwekhwereza, apo ayi pamatsala chizindikiro chonyezimira chosachoka.

Madontho achitireni msanga. Magazi amachoka ndi madzi ozizira okha, otentha amawaphika. Mkodzo wa mwana utsukuluzeni nthawi yomweyo pamalo pokhapo ndi madzi ozizira othira viniga pang'ono, chifukwa ukakhalitsa umasanduka waukali n'kudya ulusi. Pa mafuta thirani paudala kapena ufa woyera, musiye usiku wonse, n'kukutumula. Matope asiyeni aume, achoke ndi bulashi. Chovala cholembedwa superwash kapena machine washable chinakonzedwa kuti timamba tija tisakolane, ndipo chimapirira makina pa madigiri 30. Jekete la suti kapena chikhothi chokhala ndi nsalu yamkati ndi mapewa olimbitsa chisalowe m'madzi n'komwe, poti nsalu zake zimafupika mosiyana n'kupindika. Chimenecho n'cha bulashi, mphepo ndi dry cleaning.

Miyezi isanu ndi itatu ya m'sutikesi

Kuyambira Seputembala mpaka Epulo ubweya umakhala wosungidwa, ndipo mdani wake ndi njenjete. Kagulugufe kotuwa kamene mumakaona kakuthawa kuwala sikadya nsalu. Zimadya ndi mphutsi zake. Kakakazi kamaikira mazira 40 kapena 50 pamalo amdima osagwedezeka, ndipo mphutsizo zimakonda pamene pali thukuta, mafuta a m'thupi kapena dontho la ndiwo. Juzi yosungidwa itavalidwa “kamodzi kokha” ndi imene imatuluka ndi mabowo pachifuwa. Zizindikiro zake ndi timaukonde toyera ndi tinthu ngati mchenga m'mapindo.

Chilichonse chochokera pa kaunjika chisasakanizidwe ndi zinzake chisanaphedwe tizilombo. Kutentha kopitirira madigiri 50 kwa mphindi 30 kumapha mazira ndi mphutsi, ndipo dzuwa la Okutobala limagwira ntchitoyi mwaulere: ikani chovala chouma m'thumba la pulasitiki lakuda, mangani, liikeni pa lata kapena pa simenti kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko, n'kulitembenuza pakati. Musadzazitse thumba, kutentha kuyenera kufika pakatikati. Chovalacho chikhale chouma ndithu, chonyowa chikhoza kufupika. Filiji yoziziritsa kufika madigiri 18 pansi pa ziro imaphanso pakatha sabata, koma magetsi akamazimazima musaidalire.

Sungani zochapidwa ndi zoumitsitsa m'chidebe chotseka bwino kapena m'thumba la zipi losabooka, pamwamba, kutali ndi khoma lakunja. Mu Januwale kapena Febuluwale, pa tsiku limene kwacha bwino, zitulutseni, zikutumuleni, zipume mphepo, chifukwa chinyezi cha dzinja la kuno chimabala nguwi ngakhale m'sutikesi. Timibulu toyera tonunkha ta naphthalene tija timapha njenjete m'chotengera chotsekedwa chokha, ndipo n'toopsa: ana amatiyesa maswiti, komanso fungo lake m'zofunda za khanda likhoza kuphwanya magazi mwa ana amene anabadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD, limene ndi lofala mu Africa muno. M'zovala za ana musatiike.

Juzi ikafupika pang'ono, inyikeni mphindi 30 m'malita 5 a madzi ofunda pang'ono osungunuliramo masupuni aakulu awiri a conditioner wa tsitsi, ifinyireni m'thaulo, n'kuikoka pang'onopang'ono mbali zonse ikamauma. Mukhoza kubweza masentimita awiri kapena atatu. Imene yalimba kale sibwerera, koma yasanduka nsalu ina yamtengo wake: mukaidula simasuka m'mphepete. Mumatuluka zoyala m'nsapato za jombo, zogwirira mapoto, ndi zokutira poto wa nyemba. Nyemba zonyika zikawira mwamphamvu mphindi 20, poto wokulungidwa bwino mu ubweya m'dengu amapitiriza kuphika yekha kwa maola atatu kapena anayi, makala n'kupulumuka. Majuzi otere asanu ndi atatu akuluakulu amapereka zidutswa 48 za masentimita 25 mbali zonse, zokwana bulangete la 150 ndi 200 mukazilumikiza zisanu ndi chimodzi m'lifupi, zisanu ndi zitatu m'litali, telala n'kukuikirani zitenje ziwiri kumbuyo kwake.

Kwa oluka, juzi ya kaunjika yosafupika koma yoipa maonekedwe ndi gwero la wulu weniweni. Juzi ya munthu wamkulu imatulutsa magalamu 400 mpaka 600; chipewa cha wamkulu chimafuna 50 mpaka 100, peyala ya masokosi pafupifupi 100. Musanagule tembenuzani muone misoko. Ngati zidutswa zake zinalukidwa pazokha n'kulumikizidwa ndi msoko wooneka ngati tcheni, zimasuka kukhala ulusi umodzi wautali, kuyambira kumapewa kutsika. Ngati m'mphepete munadulidwa n'kukulungidwa ndi makina a ovaloko, mzere uliwonse uduka pawokha ndipo mungotsala ndi mulu wa tizidutswa. Ulusi womasulawo umatuluka wopotanapotana. Ukulungeni mozungulira msana wa mpando, mangani malo anayi, unyikeni m'madzi ofunda pang'ono mphindi 20, n'kuupachika pamthunzi mutakolowekako kasupuni kumunsi kuti uwongoke.